Mafunso ndi mayankho pa nkhani ya magemu kuno ku Harare

Ndine mnyamata wobadwira ku Mufakose, mdzukulu wa anthu amene anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya kudzagwira ntchito kuno. Achibale ndi anthu a kumpingo amandidziwa kuti ndimakonda magemu, choncho mafunso awo amathera kwa ine: makolo ofuna kugulira mwana makina, ana ofuna kunyengerera makolo, ndi akuluakulu amene akuda nkhawa. Ndasonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera, ndipo ndawayankha monga mmene ineyo ndimaonera.

Kodi magemu si zinthu za ana? Iwetu ndevu zayamba kale.

Ili ndi funso la amalume anga, ndipo ndimawayankha mwaulemu kuti ayi. Anthu a msinkhu wawo akukumbukira timakina tija tolumikiza ku TV, ta makatiriji achikasu ndi kamfuti kowombera abakha. Timeneto tinali tokopera Famicom, makina amene kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa mu 1983. Super Mario Bros. inatuluka mu 1985, ndiye kuti mwana amene anali ndi zaka khumi nthawi imeneyo pano anakwanitsa kale zaka 50. Ambiri a iwo sanasiye kusewera. Anakula nawo magemuwo, opanga nkuyamba kuwapangira za msinkhu wawo. Nintendo yomweyo si ya dzulo, inayamba mu 1889 ku Kyoto ikupanga makhadi osewerera.

Ndalama zimene zimayenda m'menemu nazonso si za ana. Grand Theft Auto V itatuluka mu 2013 inapanga madola 1 biliyoni m'masiku atatu okha, ndipo mu 2023 Microsoft inamaliza kugula kampani ya Activision Blizzard pa madola pafupifupi 69 biliyoni.

Koma ine chimene ndimakondera magemu si chuma cha eni ake. Loweruka masana timadzazana pa sofa imodzi, mapadi (tizipangizo togwira m'manja posewera) ndi awiri okha, imodzi yomata ndi tepi pa batani lakumanja. Wogonja amapereka padi kwa wotsatira, wopambana amakhalabe. Mnyamata wamanyazi amene sayankhula pagulu, akangogoletsa chigoli pa mphindi yomaliza mumamumva mawu ake mpaka kumsewu. Tsiku lonse limatha tili pakhomo, amayi akudziwa pamene tili.

Umasewera chiyani, nanga pa makina anji?

Ndili ndi PlayStation 4 yogula kwa munthu, komanso foni. Kuno mfumu ya magemu ndi mpira. Tonse timangoti FIFA, ngakhale kuti kampani ya EA inasiyana ndi bungwe la FIFA, ndipo kuyambira mu 2023 gemuyo imatchedwa EA Sports FC. Ena amakonda eFootball ya Konami, imene kale inali PES, poti siigulidwa ndipo imayenda pa foni.

Chimandikoma nkupeza anthu athu m'menemo. Marvelous Nakamba atapita ku Aston Villa mu 2019, anyamata a kuno ambiri anayamba kusankha timu imeneyo. Ine ndi mchemwali wanga timasaka Temwa Chawinga wa Kansas City Current, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Koma taonani: anthu athu amalowa m'gemu pokhapokha akapita kunja. Dynamos mulibe, CAPS United mulibe, Bullets ndi Wanderers mulibe, bwalo la Rufaro mulibe.

Ndikakhala ndekha ndimasewera Minecraft ndi Stardew Valley, magemu odekha, omanga ndi kulima.

Ndikufuna kugulira mwana makina. Ndiyambire pati?

Amayi kapena bambo, choyamba musathamangire atsopano. PlayStation 5 inatuluka mu November 2020 pa madola 499 ku America, ndipo pofika kuno mtengo umakhala utakwera chifukwa cha msonkho ndi mayendedwe. PlayStation 4 ndi ya 2013, koma ili ndi magemu ochuluka oti mwana sangawamalize, zimbale zake zimapezeka mosavuta m'tauni, ndipo amisiri okonza ndi ambiri.

Mukamagula yogwirapo kale ntchito, tengani wina wodziwa, ndipo musapereke ndalama asanayiyatse inu mukuona. Ikanimo chimbale, muone ngati ikuchikoka ndi kuchitulutsa bwino. Isiyeni iyende kwa kanthawi gemu ili mkati, mumvetsere fani: ikamalira kwambiri ndiye kuti m'kati mwadzaza fumbi kapena makina akutentha. Gwedezani pang'ono chingwe cha HDMI kumbuyo, chithunzi chikamazimazima pobowola pake pafooka. Kenako ikani padi pa tebulo osaigwira. Munthu wa m'gemu akamayenda yekha, timitengo ta padiyo tatha. Funsaninso ngati makinawo amalowa pa intaneti, chifukwa ena anatsekeredwa kalekale ndipo wogulitsa sanganene yekha.

Zina ziwiri. Musagule makina opanda polowetsera chimbale, ngakhale atsike mtengo chotani. Chifukwa chake ndachifotokoza m'munsimu. Ndipo muonjezere kandalama kogulira chotetezera ku mphamvu ya magetsi, poti makina ambiri amapsa pa nthawi imene magetsi akubwerera, osati pamene akuthima.

Pa mabokosi a magemu ambiri pamakhala nambala ya zaka: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Zimenezi ndi za bungwe la PEGI la ku Ulaya, limene linayamba mu 2003. Zimbale za ku America zimakhala ndi zilembo za bungwe la ESRB, limene linakhazikitsidwa mu 1994 aphungu atadandaula ndi magazi a mu Mortal Kombat. Chilembo M chimatanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo. Grand Theft Auto ndi ya 18. Ndimaona ana a giredi 4 akuisewera, ndipo zimenezo sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono.

Nanga ndi magetsi athuwa, ndi intaneti yathuyi, mumasewera bwanji?

Movutikira. Kumapeto kwa 2022 madzi a mu Kariba anatsika mpaka bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti mbali ya kummwera iyambe yaima kupanga magetsi, ndipo mzinda wonse unazolowera kuona magetsi pakati pa usiku. Kuyambira pamenepo aliyense wokonda magemu anaphunzira kuwerenga mawati. PlayStation 5 imadya mawati pafupifupi 200 gemu ikamayenda, osawerengera TV, ndiye inveta yaing'ono ya sola siichedwa kulira. Nintendo Switch siifika ndi 20 omwe, ndipo ili ndi batire yakeyake. Kwa munthu wokhala kuno kusiyana kumeneku nkofunika kuposa kukongola kwa zithunzi.

Intaneti ili ndi mavuto awiri osiyana, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba ndi kukula kwa magemu. Call of Duty ya masiku ano imapitirira 100 GB, ndipo ngakhale wagula chimbale, makina amafunabe kudawuniloda zokonza zina. Wodalira bandulo ya pafoni sangazikwanitse.

Lachiwiri ndi limene timati ping, nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pa makina ako kukafika ku seva, kompyuta ya kutali imene imayendetsa gemuyo, nkubwerako. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi mu chingwe cha fayiba. Kuchoka ku Harare kufika ku London ndi makilomita oposa 8,000, ndipo zingwe siziyenda molunjika, zimayamba zatsikira ku nyanja nkuzungulira gombe la Africa. Ndiye seva ikakhala ku Ulaya ping imapitirira 150, pamene mnzako wa ku Frankfurt ali pa 20. Iwe ukamadina batani, iye wawombera kale. Bandulo yodula chotani singafupikitse mtunda umenewu. Chimene chimathandiza ndi seva ya pafupi. Counter-Strike ndi Dota 2 zili ndi maseva ku Johannesburg, ndipo zinthu zinayamba kusintha pamene Microsoft inatsegula malo ake a maseva ku Joni mu 2019, Amazon nkutsatira ku Cape Town mu 2020. Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2024 ndipo yathandiza ambiri pa zodawuniloda, komabe funso loyamba musanakonde gemu ya pa intaneti likhale lakuti: seva yake ili kuti?

Nchifukwa chiyani umakakamira zimbale pamene dziko lonse likugula pa intaneti?

Apa ndiye pamene mtima wanga uli.

Ukagula gemu pa intaneti sunagule gemuyo, wagula chilolezo choisewera, ndipo chilolezo chimatha kulandidwa. Izi si zongoganizira. The Crew, gemu ya mpikisano wa magalimoto ya kampani ya Ubisoft, inatuluka mu 2014 ndipo inkafuna intaneti nthawi zonse, ngakhale ukusewera wekha. Pa 31 March 2024 kampaniyo inazimitsa maseva, gemu nkufera pomwepo. Amene anaigula ndi ndalama zawo anatsala chimanjamanja, ngakhale amene anali ndi chimbale chenichenicho. Nkhani imeneyi ndi imene inayambitsa gulu la Stop Killing Games, lotsogozedwa ndi Ross Scott, ndipo mu 2025 anthu oposa 1 miliyoni a ku Ulaya anasainira pempho lakuti lamulo liletse mchitidwewu. Boma la California nalo linakhazikitsa lamulo mu 2024 lokakamiza ogulitsa kunena poyera kuti akugulitsa chilolezo chabe, ndipo Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pakompyuta, inayamba kulemba zimenezo pamene munthu akulipira.

Kwa ife kuno vutoli ndi lowirikiza. Ukamatsegula akaunti ya PlayStation, pa mndandanda wa mayiko Zimbabwe palibe, Malawi palibe, Zambia palibe. Alipo South Africa. Ndiye aliyense amalemba kuti amakhala ku Johannesburg kapena ku America, nkumagula makhadi a ndalama kwa ogulitsa a m'tauni. Kutanthauza kuti magemu onse amene munthu wasonkhanitsa kwa zaka akhazikika pa adiresi imene si yake. Mu May 2024 zinaonekera poyera. Sony inalengeza kuti osewera Helldivers 2 pa kompyuta akuyenera kukhala ndi akaunti ya PlayStation, ndipo gemuyo inachotsedwa pa Steam m'mayiko oposa 170 kumene akauntiyo kulibe. Anthu atakwiya Sony inabweza lamulolo patangopita masiku ochepa, koma ine chimene ndinatolapo nchakuti pokonza lamulo limenelo panalibe amene anatikumbukira.

Chimbale cha gemu yosafuna intaneti ndi chako. Ukamaliza ungabwereke mnzako, ungasinthanitse ndi china, ungagulitse nkugulira china. Ndi mmene chimbale chimodzi chimazungulira Mufakose, Kambuzuma mpaka Mabvuku, chitakandikakandika koma chikugwirabe. PlayStation 2, imene inatuluka mu 2000 nkugulitsidwa yoposa 160 miliyoni, ikuyakabe m'makomo ambiri, ndipo palibe munthu wa ku Tokyo amene angaizimitse ali kutali. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Sindikunena kuti kugula pa intaneti nkoipa konse. Magemu ang'onoang'ono ambiri alibe zimbale nkomwe, ndipo nthawi ya selo mitengo imatsika kwambiri. Sitolo ya GOG imagulitsa magemu a pakompyuta amene ungakopere pa diski yako nkumasewera popanda kupemphanso chilolezo. Kumeneko ndiko kugulitsa koona.

Magemu aulere a pafoni, ndi auleredi?

Kuyamba nkwaulere. Free Fire ya 2017, PUBG Mobile ya 2018 ndi Call of Duty: Mobile ya 2019 zinafikitsa magemu kwa ana amene makolo awo sakanagula makina, ndipo pa chimenecho ndimaziyamikira. Free Fire imayenda ngakhale pa kafoni kotsika mtengo.

Koma kampani siilipira antchito ndi mawu oti zikomo. Ndalama zimachokera ku zovala za anthu a m'gemu, madayamondi, ndi mabokosi amene umalipira osadziwa zimene zili m'kati. Mabokosi amenewa ndi amene ndimadana nawo. Mwana amalipira dola, bokosi limatseguka ndi kuwala ndi nyimbo, mumatuluka chinthu chachabe, iye nkuti mwina lotsatira. Uku nkutchova njuga, kungoti wotchovayo ali ndi zaka 12. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi otere ndi njuga, ndipo EA inasiya kugulitsa mapointi a FIFA kumeneko. Mu December 2022 kampani ya Epic Games, eni Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni ku America pa milandu ya zinsinsi za ana ndi kugulitsa zinthu mwa njira zosokoneza wogula.

Makolo, nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni musauze mwana, ndipo khadi la kubanki musalisiye lolumikizidwa ku foni imene amasewerera.

Mwana wanga sachoka pa foni. Kodi ndi matenda?

Azakhali, nthawi zambiri si matenda. Bungwe la zaumoyo la WHO linavomereza mu 2019 kuti vuto lomwerekera ndi magemu lilipo, koma silinayeze ndi maola. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu akulephera kudziletsa, magemu akupambana china chilichonse pa moyo wake, ndipo akupitirizabe ngakhale zinthu zikuonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposa. Mwana amene akudya, akugona, akukhoza kusukulu ndipo anzake akamuitana ku mpira amapita, ameneyo ali bwino.

Mukaona akujomba kusukulu, akunama, akuba ndalama za bandulo, kapena akuchezera usiku wonse, m'pamene muyenera kuchitapo kanthu, ndipo mufunsenso chimene akuthawa, chifukwa ena amabisala m'gemu pothawa kuzunzidwa kusukulu kapena phokoso la pakhomo. Chimene ndaona kuti chimathandiza ndi kugwirizana nthawi asanayambe, foni kugona ku balaza osati kuchipinda, ndi kudziwa kuti gemu ya pa intaneti siimitsidwa pakati. Mukamuuza kuti "ukamaliza imeneyo uzimitse" amamvera msanga kusiyana ndi kumuzulira pulagi.

Ngati makampaniwa akupanga ndalama chonchi, bwanji timamva kuti akuchotsa anthu ntchito?

Chifukwa magemu akuluakulu afika podula mopanda nzeru. Zikalata za Sony zimene zinaonekera kukhoti mu 2023 zinasonyeza kuti The Last of Us Part II inadya madola pafupifupi 220 miliyoni, ndipo Horizon Forbidden West 212 miliyoni. Gemu yotere imatenga zaka zisanu kapena kuposa, ndiye ikangolephera imodzi anthu mazanamazana amapita kunyumba. Concord ya Sony inatuluka mu August 2024 nkuchotsedwa pamsika patangotha milungu iwiri, situdiyo yake nkutsekedwa.

Chimene chimandipweteka nchakuti ngakhale ogwira bwino ntchito sapulumuka. Microsoft itangomaliza kugula Activision Blizzard, mu January 2024 inachotsa antchito 1,900 a mbali ya magemu. Mu May chaka chomwecho inatseka Tango Gameworks ya ku Tokyo, imene inali itangopanga Hi-Fi Rush, gemu yoyamikiridwa ndi yolandira mphoto. Mwamwayi kampani ya Krafton ya ku South Korea inadzaitola. Uku mitengo ikukwera: kuchoka pa madola 60 kufika pa 70 mu 2020, ndipo Mario Kart World inatuluka pa madola 80 mu 2025. Olemba nkhani, ojambula ndi oyesa magemu ndi amene amalipira zolakwa za mabwana amene anasankha kuthamangitsa Fortnite m'malo mopanga zawozawo.

Nanga magemu okopera, amene amaikidwa pa makina ndi kandalama kochepa?

Ndikudziwa chifukwa chake alipo: madola 70 kuno ndi chakudya cha banja. Sindiweruza mwana amene anakulira pa zimenezo. Koma ndi kuphwanya lamulo, makina otero akalowa pa intaneti amatsekeredwa, ndipo za pakompyuta zambiri zimabwera ndi mavairasi. Makamaka gemu yopangidwa ndi anthu awiri kapena atatu, imeneyo igulidwe, dikirani selo.

Kodi kuno ku Africa alipo amene amapanga magemu?

Alipo. Ku Yaoundé, Kiro'o Games ya Olivier Madiba inatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016. Ku Cape Town, Free Lives inapanga Broforce, imene inatuluka mu 2015 nkutchuka dziko lonse. Ku Johannesburg, Nyamakop inatulutsa Semblance mu 2018, mpaka pa Nintendo Switch. Ku Ghana kuli Leti Arts, ku Lagos kuli Maliyo Games, ndipo ku Addis Ababa a Qene Games anapanga Gebeta kuchokera ku masewera a maenje ndi timiyala, achibale a bawo ndi ntchuwa zathu, kapena tsoro ya anzathu Achishona.

Zida zilipo ndipo zina nzaulere. Godot, pulogalamu yopangira magemu imene inayambira ku Argentina, siilipiritsa ndipo imayenda pa laputopu yakale. Blender yojambulira nayonso njaulere. Kuika gemu pa Steam ndi madola 100, ndipo pa zogulitsa iwo amatengapo 30 pa 100 aliyonse. Stardew Valley, ya 2016, anaipanga munthu mmodzi, Eric Barone, zojambula, nyimbo ndi zonse, kwa zaka zoposa zinayi.

Ine ndayamba kuphunzira Godot, ndipo nkhani imene ndikufuna kupanga ndi ya ulendo wa agogo athu: kuchoka ku Dedza wapansi, kudutsa dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera malole a Ulere, kufunafuna ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi mpaka kufika ku Salisbury, Harare wa lero. Wosewera azisankha choti anyamule, woti amukhulupirire panjira, ndi ndalama zingati atumize kumudzi. Mawu ake akhale m'Chichewa, chimene malamulo a dziko lino a 2013 amachiwerengera pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Anzanga amandiuza kuti ndiikemo Gule Wamkulu poti azungu angakopeke. Zimenezo ayi. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo sindingaziike pa sikirini popanda chilolezo cha akuluakulu.

Kodi munthu angadyere m'magemu?

Ochepa kwambiri. Mu 2019 mnyamata wa zaka 16 wa ku America, Kyle Giersdorf, wodziwika kuti Bugha, anapambana madola 3 miliyoni pa mpikisano wa dziko lonse wa Fortnite ku New York, ndipo nkhani imeneyo inasokoneza mitu ya ana ambiri. Amene anayesa nawo mipikisano yosankhira anali pafupifupi 40 miliyoni. Ndi ping yathu ija, njira imeneyo njopapatiza kwambiri. Ndalama zimene ndimaziona ndi maso kuno zili kwa okonza makina ndi mapadi, ogulitsa zimbale, ndi a timashopu tolipiritsa pa gemu iliyonse. Wophunzira kulemba mapulogalamu kapena kujambula pa kompyuta, ngakhale gemu yake isagulidwe, lusolo amakagwira nalo ntchito kwina. Masamu ndi Chingerezi za O Level zimafunika pa zonsezi, ndiye sukulu isasiyidwe.

Mwana wanga wamkazi akufuna padi yake. Si za anyamata zimenezi?

Mugulireni. Mchemwali wanga amasewera nafe Loweruka lililonse ndipo pa mpira ndi mmodzi wa ovuta kuwachotsa pampando. Chofunika kusamala ndi macheza a pa intaneti, kumene atsikana amatukwanidwa kapena kufunsidwa zithunzi ndi anthu osawadziwa. Pa PlayStation, pa Xbox ndi pa Switch pali malo a makolo otsekera mauthenga ochokera kwa alendo. Mutsegulireni akaunti ya mwana pansi pa yanu, asalembe dzina lake lenileni kapena la sukulu yake, ndipo azicheza pa maikolofoni ndi okhawo amene inu mukuwadziwa nkhope.